Lipoti la The Crew: laisensi itatha, chinapha gemu ndi chiyani?

The Crew ndi gemu ya mpikisano wa magalimoto yomwe inapangidwa ndi Ivory Tower ya ku Lyon, m'dziko la France, ndipo kampani ya Ubisoft inaitulutsa pa 2 Disembala 2014. Inkaseweredwa pa PC, PlayStation 4, Xbox One ndi Xbox 360. Chomwe chinkakoka anthu ndi mapu ake: dziko la United States lofupikitsidwa, moti munthu ankanyamuka ku New York, kudutsa Detroit ndi Chicago, mpaka kukafika ku Los Angeles. Munali nkhani yoti munthu n'kuisewera yekha kuyambira pachiyambi mpaka kumapeto. Koma ngakhale wosewera yekhayo ankayenera kukhala pa intaneti nthawi yonse, ndipo mavuto onse anachokera pamenepa.

Zomwe zinachitika

Pa 14 Disembala 2023 Ubisoft inachotsa gemuyi m'masitolo onse a pa intaneti, pamodzi ndi zowonjezera zake monga Wild Run ndi Calling All Units. Tsiku lomwelo inalengeza kuti maseva ake (makompyuta a kampani omwe gemu imalumikizana nawo pa intaneti) atsekedwa pa 31 Malichi 2024, ndipo inati zifukwa zake ndi nkhani za maseva komanso za malaisensi. Sinatchule kuti ndi laisensi iti. Ogula anapatsidwa miyezi itatu ndi theka yotsanzikana ndi gemu yawo. Amene anali atangogula kumene anauzidwa kuti akafunse za kubwezeredwa ndalama motsatira malamulo a sitolo yomwe anagulako; amene anagula kale sanabwezeredwe.

Maseva atatsekedwa, gemu inkayaka mpaka pachithunzi choyamba, kenako n'kunena kuti yalephera kulumikizana. Zinali chimodzimodzi kwa wa dawunilodi ndi wa chimbale. Mu Epulo 2024 panabwera chinthu chachitatu: ogula a pa Ubisoft Connect, pulogalamu ya Ubisoft yogulira ndi kuseweramo magemu pa PC, anapeza kuti gemu yasamutsidwira kugulu la magemu osagwira ntchito, batani la dawunilodi lachoka, ndipo pali uthenga wowauza kuti alibenso chilolezo cha gemuyi, akaone zina m'sitolo.

Anthu ambiri amaziphatikiza zitatuzi n'kumati "gemu inachotsedwa". Pounika nkhani ngati iyi ziyenera kupatulidwa, chifukwa chilichonse chili ndi gwero lake. Kuchotsa pamsika kumaletsa ogula atsopano. Kutseka maseva kumakhudza amene anagula kale. Kulanda laisensi pa akaunti kumatseka ngakhale njira yotengeranso mafayilo. Kutha kwa malaisensi a magalimoto ndi nyimbo kumafotokoza bwino choyambacho. Zinazo sikuzifotokoza.

Mmene laisensi imathera

Mu gemu ya magalimoto muli katundu wa eni ambiri. Dzina la Ford, chizindikiro chake ndi maonekedwe a galimoto yake ndi za Ford. Zolemba za pamatayala ndi pazikwangwani za m'mbali mwa msewu zili ndi eni akenso. Nyimbo iliyonse ya pawailesi ya m'galimoto imafuna zilolezo ziwiri: cha amene anaipeka, ndi cha mwini wa nyimbo yojambulidwayo, yemwe nthawi zambiri amakhala kampani ya zimbale. Palinso mapulogalamu ogulidwa kwa makampani ena omwe amayendetsa mawu, kucheza kwa osewera kapena kuteteza gemu kwa akuba. Wopanga gemu sagula zimenezi. Amabwereka pa mgwirizano.

Mgwirizano wotere umanena zinthu zingapo zomwe munthu wounika ayenera kuyang'ana: zaka zomwe chilolezo chigwire ntchito, maiko omwe katunduyo angagulitsidwe, makina omwe akuloledwa, malipiro, ndi zomwe zichitike nthawi ikatha. Malipiro amakhala ndalama imodzi yapoyamba, kapena gawo la ndalama pa kope lililonse logulitsidwa, kapena zonse ziwiri. Chilolezo chamuyaya chimakwera mtengo kwambiri, ndiye makampani amasankha cha zaka zowerengeka podziwa kuti ndalama zambiri za gemu zimalowa m'miyezi yoyamba.

Mapanganowa ndi achinsinsi, koma masiku ochotsera magemu amaulula kutalika kwake. Forza Horizon 3 inatuluka mu Seputembala 2016 n'kuchotsedwa mu Seputembala 2020, zaka zinayi ndendende. Forza Motorsport 7 inatuluka mu Okutobala 2017 n'kuchoka pa 15 Seputembala 2021. Alan Wake inatuluka mu Meyi 2010 n'kuchotsedwa pa 15 Meyi 2017 chifukwa cha nyimbo, patatha zaka zisanu ndi ziwiri. Grand Theft Auto IV inatuluka mu Epulo 2008, ndipo mu Epulo 2018 Rockstar inachotsamo nyimbo zingapo, makamaka pa wailesi ya m'gemu ya Vladivostok FM.

Nthawi ikakwana, kampani imawerengera. Kuti ipitirize kugulitsa, iyenera kubwerera kwa mwini aliyense payekhapayekha, ndipo mmodzi akakana kapena akakweza mtengo, mpaka atachotsedwa mu gemu. Kuchotsa nyimbo n'kosavuta. Kuchotsa galimoto yomwe ili m'mipikisano makumi angapo, m'mafilimu a m'kati mwa gemu komanso m'magalaja a osewera omwe anailipirira, ndi ntchito ya miyezi. Pa gemu ya zaka zisanu ndi zinayi yomwe ikugulitsidwa pamtengo wotsika, pamene yatsopano ili kale pamsika, masamu sagwirizana. The Crew 2 inali itatuluka mu Juni 2018, ndipo The Crew Motorfest mu Seputembala 2023, miyezi itatu yokha chilengezo chija chisanabwere. Mpaka apa palibe chodabwitsa. Project CARS ndi Project CARS 2 zinachoka mu 2022 chifukwa cha malaisensi a magalimoto ndi mabwalo, Spec Ops: The Line inachoka mu Januwale 2024, ndipo EA inachotsa magemu akale a FIFA m'masitolo mu Seputembala 2023 ubale wake ndi bungwe la FIFA utatha. Nthawi zina gemu imabwerera: Alan Wake inayambanso kugulitsidwa mu Okutobala 2018 Microsoft itakambirananso ndi eni nyimbo.

Pa magemu onsewa, amene anagula kale anapitiriza kusewera. Chomwe chimatha ndi chilolezo cha kampani chogulitsa makope atsopano, osati kope lomwe lili kale m'manja mwa munthu.

Chomwe chinapha gemu

The Crew inamangidwa mwakuti gawo lina la ntchito lichitikire pa makina a wosewera, lina pa maseva a Ubisoft. Misewu, magalimoto, mawu ndi mipikisano zinali pa chimbale kapena pa hadi disiki ya wosewera. Seva inkatsimikiza kuti munthu ndi ndani, inkasunga pomwe wafika, magalimoto omwe ali nawo ndi ndalama zake za m'gemu, ndiponso inkamuonetsa osewera ena pamsewu. Gemu ikayaka inkafunsa seva kaye; popanda yankho, siinkapitirira. Choncho katundu yense anali m'nyumba mwa wogula, koma kiyi wake anali kwa wogulitsa.

Makampani ali ndi zifukwa zomangira gemu chotere. Zosunga zikakhala pa seva, munthu sangasinthe fayilo kuti adzipatse magalimoto aulere, ndalama za m'gemu zogulidwa ndi ndalama zenizeni zimatetezeka, ndipo kukopera gemu mwakuba kumavuta. Zifukwazi n'zomveka gemu ikadali pamsika. Cholakwika chinali kusakonza chochita tsiku lomwe seva idzazime, pamene aliyense ankadziwa kuti tsikulo lidzafika.

Kuti njira ina inalipo zikuoneka pa magemu ena a nthawi yomweyo. Gran Turismo Sport ya Sony inkafunanso intaneti kuti isunge pomwe munthu wafika. Potseka maseva ake pa 31 Januwale 2024, Polyphony Digital, kampani yomwe inaipanga, inatulutsa patch (fayilo yokonza gemu) yoti zosunga zizikhala pa PS4 penipeni, ndipo mpaka pano imaseweredwa. M'menemo mulinso magalimoto a makampani enieni, umboni wakuti laisensi ya galimoto siikakamiza kuzimitsa gemu ya amene anagula. Forza Horizon 4 inachotsedwa pamsika pa 15 Disembala 2024 pa zifukwa za malaisensi, koma amene anaigula amaitsitsabe ndi kuisewera. Velan Studios, potseka Knockout City mu Juni 2023, inapereka kope la pa Windows loti osewera aziyendetsa maseva awoawo. Sony itaona kuti Concord yalephera, inaizimitsa pa 6 Seputembala 2024, patangotha masabata awiri itatuluka, n'kubwezera aliyense ndalama zonse. Kumeneko kunali kuzimitsa ndithu, koma wogula sanatsale manja lende.

Umboni waukulu unachokera kwa osewera eni. Gulu la odzipereka linayamba kufufuza mauthenga omwe gemu inkatumiza ku seva ndi mayankho omwe inkayembekezera, n'kulemba pulogalamu yoyankha m'malo mwa seva. Pa 15 Seputembala 2025 linatulutsa The Crew Unlimited ya pa PC, yomwe imalola gemu kuseweredwanso. Ngati anthu opanda mafayilo oyambirira a seva anakwanitsa, n'kovuta kuvomereza kuti eni ake omwe anali nawo sakanatha. Ubisoft yomwe inasonyeza kuti n'zotheka: mu Seputembala 2024 inalonjeza kuti The Crew 2 ndi Motorfest zidzatha kuseweredwa popanda intaneti, ndipo The Crew 2 inalandira zimenezi mu Okutobala 2025. Zosunga za offline zimakhala padera, sizibwerera ku seva.

Kulanda malaisensi pa akaunti ndiko kovuta kwambiri kukuikira kumbuyo. Gemu inali itafa kale, ndiye kuchotsa batani la dawunilodi sikunapulumutse ndalama zooneka. Komwe kunapweteka ndi kwa amene ankafuna kusunga mafayilo poyembekezera kuti tsiku lina adzagwiranso ntchito.

Kodi wogula anagula chiyani?

Malinga ndi pangano lomwe munthu amavomera podina batani asanayambe kusewera, lotchedwa EULA, gemu "siigulitsidwa" koma imaperekedwa pa chilolezo cha munthu mmodzi, chosasamutsika, chomwe kampani ingathetse. Mawu otere ali pafupifupi pa gemu iliyonse, ya chimbale yomwe. Pa chimbale, chanu ndi pulasitikiyo. Pulogalamu ya m'kati mwake ndi ya chilolezo. Kale kusiyanaku kunalibe mano chifukwa kampani inalibe njira yolowera m'nyumba mwanu. Intaneti ndiyo inaipatsa njirayo.

Mu Novembala 2024 ogula awiri anasumira Ubisoft ku khoti la ku California m'malo mwa anzawo onse. Maloya a Ubisoft anayankha kuti ogula sanalonjezedwe umwini, ndipo bokosi linanena poyera kuti gemu imafuna intaneti komanso kuti kampani ingatseke zinthu za pa intaneti itapereka chenjezo la masiku 30. Odandaula anabweretsa chithunzi cha kapepala ka m'bokosi konena kuti manambala oyatsira gemu adzatha ntchito mu 2099. Mkangano wagona apa: kodi kutseka "zinthu za pa intaneti" n'chimodzimodzi ndi kutseka gemu yonse? Munthu wamba akawerenga mawu amenewo amaganiza za mipikisano ndi anzake, osati nkhani yomwe amasewera yekha.

Boma la California linagwira nkhaniyi ndi mbali ya malonda. Lamulo la AB 2426, lomwe bwanamkubwa Gavin Newsom anasainira mu Seputembala 2024 n'kuyamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2025, limaletsa sitolo kulemba mawu oti "gulani" pa katundu wa pa intaneti pokhapokha itauza wogula momveka kuti akulandira laisensi chabe. Silikhudza katundu waulere, wolipira mwezi ndi mwezi, kapena amene munthu angatsitse n'kusunga mpaka kalekale popanda intaneti. Mu Okutobala 2024 Steam, sitolo ya pa intaneti ya magemu a pa PC, inaika kale chidziwitso chotere polipirira. Lamuloli silipulumutsa gemu iliyonse, limangoletsa kunamiza.

Ku Ulaya nkhani inapita patali. Ross Scott wa tchanelo cha Accursed Farms pa YouTube anayambitsa kampeni ya Stop Killing Games mu Epulo 2024, ndipo nzika za European Union zinatsegula pempho lotchedwa Stop Destroying Videogames. Linkafunika masiginecha 1 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo potseka pa 31 Julayi 2025 linali litapitirira 1.4 miliyoni. Pempholi silifuna kuti makampani ayendetse maseva mpaka muyaya kapena apereke umwini wa ntchito zawo. Likufuna kuti akamasiya gemu yomwe anagulitsa, aisiye ikutha kuseweredwa. European Commission, nthambi yoyendetsa ntchito za European Union, imakakamizika kuyankha pempho lotere, koma siikakamizika kupanga lamulo. Ku Britain pempho lofanana linakambidwa ndi aphungu mu Novembala 2025, ndipo boma linati silikuganiza zosintha malamulo omwe alipo.

Bungwe la makampani a magemu la Video Games Europe linatsutsa, ponena kuti zimenezi zingakweze mtengo wopangira magemu, ndiponso kuti pa maseva a anthu wamba palibe woteteza zinsinsi za osewera kapena woletsa zoipa. Mfundoyi ili ndi mphamvu pa magemu akuluakulu omwe dziko lawo lonse limayendera pa maseva ambiri olumikizana, ena a mapulogalamu obwereka omwe kampani singagawe. Pa gemu ngati The Crew, yokhala ndi nkhani ya munthu mmodzi ndi mafayilo onse pa makina a wogula, mfundoyi ndi yofooka.

Zoyenera kuyang'ana musanalipire

Funso loyamba si lakuti gemu ili pa chimbale kapena ayi, koma ngati imayaka popanda intaneti. Pabokosi kapena patsamba la sitolo yang'anani mawu onena kuti intaneti ndi yofunika nthawi zonse, kapena kuti pafunika akaunti ina ya kampani yopanga. Pa Steam mungayese nokha: tsitsani gemu, iyatseni kamodzi, dulani intaneti, kenako iyatseninso n'kuona ngati ikusunga pomwe mwafika. Steam imabweza ndalama ngati pasanathe masiku 14 ndipo simunasewere maola opitirira awiri. Pa PlayStation Store kuyesa kotere sikutheka, chifukwa mukangoyamba dawunilodi mwayi wobwezeredwa umatha, pokhapokha katunduyo ali ndi vuto. Kumeneko fufuzani musanagule.

Gemu yoyaka popanda intaneti imafunabe kuti makina akhale olembetsedwa bwino. Pa PS5 yatsani Console Sharing and Offline Play. Pa PS4 ikani makinawo ngati Primary. Pa Xbox asankheni ngati Home Xbox. Mukapanda kutero, magemu a dawunilodi amafunsa seva nthawi iliyonse, ndipo netiweki ikagwa pamaoneka kaloko pachithunzi cha gemu. Apa achenjere amene amagula makina akale "odzaza kale magemu", malonda ofala m'matauni athu, makamaka kwa oyendetsa malo oseweretsa ana magemu. Magemu amenewo ali pa akaunti ya munthu wina. Mwini akasintha pasiwedi kapena akalembetsa makina ena, onse amatsekeka, ndipo palibe kokadandaula chifukwa kampani siikudziwani. Chimbale cha The Crew yoyamba cha PS4 kapena Xbox chikapezeka pakati pa zimbale zakale, musachigule pamtengo uliwonse, sichiseweredwa.

Dziko la akaunti nalo ndi nkhani. Pa mndandanda wa maiko a PlayStation Network palibe Malawi, ndiye ambiri amatsegula akaunti ya South Africa, United States kapena Britain. Dzikolo silisinthika akaunti ikatsegulidwa, zowonjezera zogula ziyenera kugwirizana ndi chigawo cha chimbale, ndipo malamulo obwezera ndalama amatsatira dziko lomwe munalemba. Lembani penapake imelo, tsiku lobadwa ndi adiresi zomwe munagwiritsa ntchito, ndipo sungani malisiti onse, chifukwa ndi zimenezo amafunsa akaunti ikatsekedwa.

Pa PC njira yodalirika kwambiri ndi sitolo ya GOG, yomwe imagulitsa magemu opanda DRM (pulogalamu yoletsa kukopera gemu) n'kupereka mafayilo oikira gemu popanda intaneti. Gemu yaikulu imabwera m'zidutswa za pafupifupi 4 GB. Tsitsani zonse pamodzi ndi fayilo yaing'ono yoyambitsira, ziikeni m'foda imodzi, ndipo yesani kuika gemu intaneti itazima musanakhulupirire kuti zakwana. Chidutswa chimodzi chikasowa kapena chikawonongeka potsitsa, kuika kumaima pakati. Sungani makope awiri pa madisiki osiyana. Mwalamulo ndi laisensi ndithu, koma palibe angaichotse pa disiki yanu ali kutali.

Chilengezo chochotsa gemu chikatuluka, musadikire tsiku lomaliza. Zowonjezera zimachoka msanga: za Forza Horizon 4 zinasiya kugulitsidwa pazokha pa 25 Juni 2024, tsiku lomwe chilengezo chinatuluka, miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi gemu yeniyeniyo isanachoke. Kusewera kudzera pa Game Pass kapena PlayStation Plus, komwe mumalipira mwezi ndi mwezi, si kugula. Gemu ikachoka pa mndandanda, yapita. Ndipo ikakhala gemu yomwe yachotsedwa, musaifufute pa makina musanatsimikize kuti idzatsitsikanso. Gemu ya P.T. ya Konami itachotsedwa pa PlayStation Store mu Epulo 2015, amene anaifufuta sanathenso kuitenga.

Kwa opanga ndi olemba mapangano

Zambiri zimapewedwa pa tebulo, gemu isanayambe kupangidwa. M'pangano ndi mwini galimoto kapena nyimbo mulekanitse zilolezo ziwiri: chogulitsa makope atsopano, chomwe chingakhale cha zaka zowerengeka, ndi cha amene anagula kale kuti apitirize kusewera ndi kutsitsanso, chomwe chisakhale ndi malire. Mukapanda kulemba chachiwirichi momveka, tsiku lina mudzakakamizika kutumiza patch yochotsa nyimbo pa makina a anthu omwe analipira kale, monga zinachitikira Grand Theft Auto IV. Lembaninso nthawi yogulitsira zotsala laisensi ikatha, ndi mtengo wokonzeranso pangano kuti usadzakambidwe mwini akudziwa kuti mulibe kolowera.

Katundu wobwereka amangidwe mwakuti angazulidwe osagwetsa zina: nyimbo zikhale m'mafayilo awoawo, ndipo mipikisano ifune gulu la galimoto m'malo mwa galimoto imodzi ya dzina. Pa mapulogalamu a seva ochokera kwa makampani ena, funsani pachiyambi ngati mungadzaloledwe kuwagawa kwa osewera. Ngati ayi, aikeni kuseri kwa khomo limodzi lolumikizira kuti adzathe kusinthidwa. Opanga ambiri amakhala kale ndi njira yoyesera gemu popanda seva yeniyeni pa nthawi yoikonza. Njirayo isatayidwe gemu ikatuluka. Iyesedwe pa patch iliyonse, chifukwa kuibwezeretsa patatha zaka khumi, anthu omwe anailemba atachoka, ndiko kumadya ndalama. Maseva asanatsekedwe, osewera apatsidwe njira yotsitsira zosunga zawo pa makina awo, ndipo kugulitsa ndalama za m'gemu kuime tsiku lomwe chilengezo chatuluka.